MBIRI YA MALEMU DR. RONALD McNAIR, MNYAMATA AMENE ANAKANA KUTULUKA M'LAIBULALE

Tonsefe tikukumbukira masiku aja tili pasukulu, pamene aphunzitsi ankafunsa kalasi kuti aliyense akufuna kudzagwira ntchito yanji akadzatsiriza maphunziro. Mayankho ake ankangokhala omwewomwewo: udokotala, uphunzitsi, unamwino, kapena ukalaliki wa m'boma. Kukapezeka wina wonena kuti iye akufuna kudzapita kumwezi, kalasi yonse inkafa nacho chiseko, ndipo dzina lachipongwe ankalipezera pomwepo. Pa tsamba lino ndafuna kuti tikumbutsane mbiri ya munthu wina amene anakulira mu umphawi ndi m'tsankho, koma maloto otere anawasunga mumtima mpaka anakwaniritsidwa. Munthuyo ndi malemu Dr. Ronald McNair a ku America, katswiri wa sayansi amene anamwalira pa ngozi ya chombo cha Challenger m'chaka cha 1986.

Ubwana wake

Ronald Erwin McNair anabadwa pa 21 Okutobala 1950 m'katauni ka Lake City, m'chigawo cha South Carolina, kummwera chakummawa kwa dziko la America. Iye anali wachiwiri kubadwa m'banja la ana atatu, onse aamuna. Bambo ake ankagwira ntchito yowongola galimoto zophwanyika, pamene mayi ake anali mphunzitsi. Ngakhale makolo onse awiri anali pantchito, banjali linali losauka kotero kuti nyumba imene Ronald anayambira moyo wake inalibe magetsi ngakhale madzi a m'mipope. Pa nthawi ya tchuthi mnyamatayu ankapita kukachita ganyu m'minda ya thonje ndi fodya, monga momwe ankachitira ana ambiri a anthu akuda m'dera limenelo.

Tiyenera kudziwa mmene zinthu zinalili kummwera kwa America m'zaka zimenezo. Malamulo a m'zigawo zambiri ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda pa chilichonse: sukulu, zipatala, malo odyera, mipando ya m'basi, mpaka mpopi womwerapo madzi. M'chaka cha 1954 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu chifukwa cha khungu lawo n'kulakwira malamulo, koma chigamulocho chinatenga zaka zambiri kuti chiyambe kutsatidwa m'madera onga South Carolina. Choncho Ronald anaphunzira m'sukulu za anthu akuda okhaokha kuyambira kupulayimale mpaka kusekondale.

Mwanayu anayamba kuwerenga asanayambe n'komwe sukulu. Mu Okutobala 1957, dziko la Soviet Union litatumiza mumlengalenga setilaiti yoyamba yotchedwa Sputnik, iye anali pafupi kukwanitsa zaka 7, ndipo nkhani za nyenyezi, masamu ndi sayansi zinamulowa mumtima kuyambira nthawi imeneyo.

Zimene zinachitika m'laibulale

M'chaka cha 1959 Ronald anayenda wapansi kupita ku laibulale ya boma ya m'tauni yakwawo kuti akabwereke mabuku a sayansi. Laibulaleyo sinkabwereketsa mabuku kwa anthu akuda. Mayi woyang'anira malowo anamuuza kuti asiye mabukuwo ndi kubwerera kwawo, apo ayi aitana apolisi. Mnyamatayo sanachite chipongwe, sanalirenso, koma anangokwera pa tebulo lobwereketsera mabuku n'kukhala pomwepo, kudikira kuti apolisiwo abwere. Apolisi anafikadi, ndipo mayi ake nawonso anathamangira komweko mtima uli m'mwamba, poopa kuti mwana wawo atsekeredwa. Apolisi aja ataona kuti wopalamula amene awaitanira ndi kamwana kofuna kuwerenga, analangiza mayi wa laibulale uja kuti angomubwereka mabukuwo. Ronald anabwerera kunyumba atanyamula mabuku ake.

M'chaka chomwecho cha 1959, bungwe la NASA, limene limayendetsa ntchito za mumlengalenga ku America, linasankha anthu 7 oyamba oti aphunzitsidwe kuyenda mumlengalenga. Onsewo anali azungu, onsewo anali amuna, ndipo onsewo anali asilikali oyendetsa ndege zoyesera. Lamulo silinanene poyera kuti munthu wakuda kapena wamkazi asalembere, koma linati wofuna ntchitoyi akhale atachita kale maphunziro oyendetsa ndege zoyesera za nkhondo. Khomo la maphunziro amenewo linali lotsekeka kwa akazi, ndipo kwa anthu akuda linali lopapatiza kwambiri. Tsankho la mtundu umenewu ndi lovuta kulimbana nalo, chifukwa amene akukukaniza amangoloza pepala n'kunena kuti sunakwanitse zofunika.

Anthu awiri akuda anayesera Ronald asanakule. Ed Dwight, msilikali woyendetsa ndege, analowetsedwa m'sukulu ya ndege zoyesera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mothandizidwa ndi boma la Pulezidenti John F. Kennedy, koma pamene NASA inasankha gulu latsopano mu 1963, dzina lake silinatuluke. Robert Lawrence, amene anali ndi digiri ya ukachenjede pa sayansi, anasankhidwa mu Juni 1967 kuti alowe m'ntchito ya mumlengalenga ya asilikali, koma anafa pa ngozi ya ndege pa 8 Disembala chaka chomwecho asanapite n'komwe. Anthu 12 amene anaponda pa mwezi pakati pa 1969 ndi 1972 onse anali amuna achizungu a ku America.

Panalinso funso la ndalama. Mu Julayi 1969, kutatsala tsiku limodzi kuti chombo cha Apollo 11 chinyamuke kupita kumwezi, Mbusa Ralph Abernathy, amene analowa m'malo mwa Martin Luther King, anatsogolera mabanja a anthu osauka ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu mpaka kuchipata cha malo onyamukira zombo ku Florida. Kumeneko anakumana ndi mkulu wa NASA, Thomas Paine, ndipo anadandaula kuti dziko likuwononga chuma chochuluka pa ulendo wa kumwezi pamene ana ambiri m'dziko lomwelo akugona ndi njala. Ntchito yonse ya Apollo inadya ndalama pafupifupi madola 25 biliyoni. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene Ronald anali kusukulu.

Maphunziro ake

Ronald anatsiriza sekondale pa Carver High School m'chaka cha 1967 ndipo ndiye anatsogola m'kalasi mwake. Sanali wa mabuku okha ayi: ankasewera mpira wa ku America komanso ankaimba lipenga la saxophone m'bandi ya pasukulu. Kuchokera apo anapita ku North Carolina A&T State University mumzinda wa Greensboro, yunivesite imene inakhazikitsidwira anthu akuda. Pa yunivesite yomweyi ndi pamene panachokera ophunzira anayi aja amene pa 1 Febuluwale 1960 anakakhala pa mipando ya azungu m'malo odyera a sitolo ya Woolworth n'kukana kuchokapo, zimene zinabutsa zionetsero zotere m'mizinda yambiri.

Atafika ku yunivesite anachita mantha. Anaona kuti anzake ochokera m'sukulu zikuluzikulu za m'mizinda anali ataphunzira kale zinthu zimene iye anali asanazionepo, ndipo anaganiza zosiya sayansi kuti achite maphunziro a zoimbaimba. Mlangizi wina wa ophunzira atamuyesa ndi kuona nzeru zake, anamulimbikitsa kuti asabwerere m'mbuyo koma ayesere Fizikisi. Anamvera, ndipo m'chaka cha 1971 anatenga digiri yake yoyamba atakhoza mwapamwamba.

Kenaka analandiridwa ku Massachusetts Institute of Technology, imene ambiri amangoitchula kuti MIT, imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri pa sayansi padziko lonse. Kumeneko anachita kafukufuku wa laser moyang'aniridwa ndi Pulofesa Michael Feld. Kwa amene sayansi tinaisiyira ku Fomu 4, ndifotokoze mwachidule. Kuwala kwa nyali wamba kumabalalika mbali zonse ndipo kumakhala kosakanikirana mitundu, pamene laser imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi koyenda mowongoka m'kanjira kakang'ono kwambiri. Chifukwa cha ichi mphamvu yake imasonkhana pamalo amodzi, kotero kuti madokotala amachitira opaleshoni ya maso, amisiri amadulira zitsulo, ndipo a zamtokoma amatumizira mauthenga kudzera m'timaulusi ta galasi.

Ali pafupi kutsiriza, tsoka linamugwera. Zolemba zake za kafukufuku wa zaka pafupifupi ziwiri zinasowa. Masiku amenewo kunalibe zosunga ntchito m'kompyuta ya m'manja monga tichitira lero. Pepala likasowa ndiye kuti ntchito yapita. Wina akanangolongedza katundu n'kubwerera kwawo. Iye anabwerera m'labotale, nayambiranso kuyesa zonse, ndipo m'chaka cha 1976 analandira digiri ya ukachenjede ya PhD ali ndi zaka 25. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka chomwecho anamanga banja, anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa karate, masewero amene anafika nawo pa lamba wakuda ndipo ankaphunzitsanso ena, ndiponso anayamba ntchito ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, m'chigawo cha California.

Khomo litseguka

M'zaka za m'ma 1970 NASA inayamba kupanga chombo cha mtundu watsopano chotchedwa Space Shuttle, chimene chinkanyamuka ngati roketi koma pobwerera n'kutera ngati ndege, kuti chidzagwirenso ntchito ulendo wina. Chombo chimenechi chinkafuna anthu a magulu awiri: oyendetsa, ndi akatswiri a sayansi oti azikachita kafukufuku ndi kugwiritsa ntchito zipangizo. Gulu lachiwirili silinkafunika kukhala la asilikali oyendetsa ndege. Pamwamba pa izo, malamulo oletsa tsankho amene anakhazikitsidwa kuyambira 1964 anali atayamba kuluma, ndipo NASA inapempha Nichelle Nichols, mayi wakuda wotchuka m'sewero la pa kanema la Star Trek, kuti ayendere dziko kukopa akazi ndi anthu akuda kuti alembere.

A McNair analembera. Mwa anthu oposa 8,000 amene anatumiza makalata, NASA inasankha 35 okha, ndipo maina awo analengezedwa mu Januwale 1978. M'gululi munali akazi 6, mmodzi mwa iwo Sally Ride, ndi amuna akuda atatu: Guion Bluford, Frederick Gregory ndi a McNair. Munalinso Ellison Onizuka, amene makolo ake akale anachokera ku Japan. Panali patadutsa zaka 19 chichokereni tsiku lija la ku laibulale.

Munthu woyamba wa magazi a ku Africa kupita mumlengalenga sanali wa ku America ayi, koma Arnaldo Tamayo Méndez wa ku Cuba, amene anakwera chombo cha Soviet Union mu 1980. Ku America woyamba anali Guion Bluford mu Ogasiti 1983, ndipo a McNair anakhala achiwiri.

Ulendo wawo unayamba pa 3 Febuluwale 1984 m'chombo cha Challenger, ali anthu asanu. Pa ulendo umenewu ndi pamene Bruce McCandless anatuluka m'chombo n'kuyandama mumlengalenga popanda chingwe chomumangirira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. A McNair ndi amene ankayendetsa mkono wautali wachitsulo wa chombocho, umene unanyamula mnzawoyo kumufikitsa pamalo ogwirira ntchito, ndiponso ankayang'anira kafukufuku wosiyanasiyana wa sayansi. Sikuti zonse zinayenda bwino: masetilaiti awiri a zamtokoma amene anawatulutsa analephera kufika pamalo pake chifukwa maroketi ake ang'onoang'ono anakanika, mpaka chombo china chinachita kukawatenga mu Novembala chaka chomwecho. A McNair anatenganso saxophone yawo n'kuimba ali mumlengalenga. Anabwerera pa 11 Febuluwale atakhala kumeneko maola 191, ndipo kanali koyamba kuti chombo cha mtundu umenewu chitere ku Kennedy Space Center, pamalo pomwe chinanyamukira.

Atabwerako sanadzitukumule. Ankayendera sukulu ndi mayunivesite kulankhula ndi achinyamata, makamaka ana a anthu akuda ndi a m'mabanja osauka, kuwalimbikitsa kuti asaope masamu ndi sayansi ndiponso kuti asadziderere chifukwa cha kumene akuchokera.

Ngozi ya Challenger

Ulendo wawo wachiwiri unakonzedwa kuti uchitike mu Januwale 1986, m'chombo chomwe chija cha Challenger. Ina mwa ntchito zawo inali yotulutsa chipangizo chounikira nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, imene imaoneka kamodzi pa zaka pafupifupi 76. Anakonzanso zoti akajambule nyimbo ndi saxophone ali mumlengalenga, mogwirizana ndi woimba wa ku France, Jean-Michel Jarre. Ulendowu unatchuka kwambiri chifukwa munali mphunzitsi wa sekondale, Christa McAuliffe, amene anayenera kukaphunzitsa ana a sukulu ali m'chombomo. Enawo anali Francis Scobee, Michael Smith, Judith Resnik, Ellison Onizuka ndi Gregory Jarvis.

Tsiku lonyamuka linasinthidwa kangapo, ndipo usiku wa pa 27 Januwale ku Florida kunazizira modabwitsa mpaka madzi anaundana pa nsanja yonyamukira. Chombocho chinali ndi maroketi awiri m'mbali mwake, opangidwa ndi zigawo zolumikiza, ndipo polumikizira pake panali mphira wozungulira ngati chibangili woletsa mpweya wamoto kutulukira m'mbali. Mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, imene inapanga maroketiwo, anachenjeza usiku womwewo kuti mphirawo ukazizidwa umauma ndipo sutseka bwino, choncho analangiza kuti ulendo uyambe waima. Akuluakulu a NASA sanakondwe nawo malangizowo, ndipo mabwana a kampaniyo atakambirana paokha anasintha maganizo n'kuvomereza kuti chombo chinyamuke.

Mmawa wa pa 28 Januwale 1986 Challenger inanyamuka kukuzizirabe, pafupifupi madigiri 2 okha. Mphira wa roketi ya kumanja unalephera kutseka, moto unatulukira m'mbali n'kuboola thanki yaikulu ya mafuta, ndipo patangotha masekondi 73 chombocho chinaphwasuka, abale a anthuwo ndi ana a sukulu ambirimbiri akuonerera. Anthu onse 7 anamwalira. A McNair anali ndi zaka 35, ndipo anasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono.

Pulezidenti Ronald Reagan anakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi William Rogers. Mmodzi mwa mamembala ake, katswiri wa Fizikisi Richard Feynman, anaviika kachidutswa ka mphira uja m'tambula ya madzi oundana pamaso pa atolankhani, n'kuonetsa kuti ukazizira subwerera msanga m'malo mwake. Komitiyo inapeza kuti vuto silinali mphira wokha, komanso kayendetsedwe ka ntchito: chenjezo la anthu odziwa silinafike kwa amene ankapanga chiganizo chomaliza. Ife amene timagwira ntchito m'maofesi, kaya a boma kaya a makampani, mfundo imeneyi tisaiphonye. Mawu a akulu akoma akagonera, koma mawu a wamng'ono wodziwa ntchito yake nawonso safunika kupondereza chifukwa choti bwana ali pa changu. Zombozi sizinaulukenso mpaka Seputembala 1988.

Zimene anasiya

A McNair anaikidwa m'manda kwawo ku Lake City. Lero msewu waukulu wa m'tauniyo, sukulu zambiri m'dziko la America, nyumba ina ya pa MIT, ngakhalenso chigwa china cha pa mwezi, zimatchedwa dzina lawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la America linakhazikitsa thumba la dzina lawo lothandiza ophunzira a m'mabanja osauka, makamaka amene ali oyamba m'banja mwawo kufika ku yunivesite, kuti akonzekere maphunziro a ukachenjede. Mu 2004 anapatsidwa mendulo yaulemu ya Congressional Space Medal of Honor. Ndipo mu 2011 nyumba ija ya laibulale imene inafuna kuwapirikitsa ali mwana inasandutsidwa malo osungiramo mbiri ya moyo wawo.

Khomo limene iwo ndi anzawo anatsegula silinatsekekenso. Mae Jemison anakhala mkazi woyamba wakuda kupita mumlengalenga mu 1992. Ed Dwight uja anamusiya mu 1963 anadzakwera chombo cha kampani ya Blue Origin mu Meyi 2024, pa ulendo wa mphindi zochepa, ali ndi zaka 90.

Komabe kusiyana kwa pakati pa maiko olemera ndi osauka kudakalipo. Mu 1964, pamene dziko la Zambia linkalandira ufulu, mphunzitsi wina wa sayansi, Edward Mukuka Nkoloso, anasonkhanitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka n'kuyamba kuwakonzekeretsa ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pa chitunda. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni koma sanapatsidwe, ndipo atolankhani akunja anamusandutsa choseketsa. Nzika yoyamba ya dziko la mu Africa kupita mumlengalenga inali Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2002, ndipo anachita kulipira yekha pafupifupi madola 20 miliyoni. Mnyamata wina wa m'dziko lomwelo, Mandla Maseko, anapambana mpikisano mu 2013 woti adzakwere chombo, koma anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu 2019 ulendowo usanachitike. Mwana wa kuno kwathu wolota maloto amenewa ali ndi phiri lalikulu kuposa limene a McNair anakwera, chifukwa iwo, ngakhale ankasalidwa, anabadwira m'dziko limene linali ndi zombo zakezake.

Phunziro kwa ife

Nanga ife titolepo chiyani? Tikayang'anitsitsa mbiriyi tiona kuti a McNair sanafike pamwamba paokha. Panali mayi amene anaphunzitsa mwana kukonda buku, panali buku lenilenilo pa shelefu, panali mlangizi amene anakana kuti mnyamata wamantha athawe sayansi, ndiponso panali anthu amene anamenyera nkhondo kuti malamulo asinthe. Chimodzi mwa izi chikanasowa, bwenzi dzina lawo tisakulidziwa. Si mwana aliyense wokonda nyenyezi amene adzakwere chombo, koma mwana wotereyo ndi amene amadzakhala injiniya wa madzi, katswiri wa zanyengo, dokotala, kapena mphunzitsi wabwino wa masamu, ndipo anthu amenewa dziko likuwasowa.

Tsono anzanga, tikamapita kukayendera sukulu yathu, tisamangothera pa bwalo la mpira ndi kujambulitsa zithunzi pa chipata. Tizilowa m'laibulale ndi kuona ngati mabuku a sayansi alimo, ndiponso ngati ana amaloledwa kuwabwereka kapena amangokhala otsekeredwa m'kabati poopa kuti ang'ambika. Tizilowa m'labotale ndi kufunsa aphunzitsi chimene chikusowa. Amene tili ndi mabuku a ku koleji amene akungodyedwa ndi njenjete m'makatoni, tiwapereke. Amene tinachita za sayansi, tipatule tsiku limodzi pa chaka lokacheza ndi ana a Fomu 2 asanasankhe maphunziro, atsikana ndi anyamata omwe, pakuti m'mera mpoyamba. Ndipo mwana wina akadzaimirira n'kunena kuti akufuna kudzapita kumwezi, ife tisadzakhale m'gulu la oseka, koma tidzamufunse buku limene akufuna n'kumupezera.

Mzimu wa malemu Dr. Ronald McNair uuse mumtendere.